Makoko awiri a zipolopolo a m'kabati mwanga

Pepani kuti ndakhala zii kwa masabata angapo. Ndinali pa mulu wa mapepala a mayeso a Fomu 2, ndipo aliyense amene anagwirapo cholembera chofiira akudziwa kuti ukafika pepala la 90 maso amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri.

Chandidzutsa ndi uthenga wa mwana wanga wina wa sukulu, amene anamaliza Fomu 4 kalekale ndipo ali ku South Africa. Amagwira ntchito pa famu ya nyama zakuthengo m'chigawo cha Limpopo. Anapeza mapepala okhazikika m'dzikomo, kenako chiphaso cha mfuti yosakira. Kumeneko zipolopolo n'zodula, choncho alenje ambiri amatola makoko a zipolopolo zimene awombera, n'kuikamonso onga ndi mutu watsopano. Lamulo lawo la mfuti la chaka cha 2000 limalola munthu wa chiphaso kuchita zimenezi pa mfuti yake yomwe. Mnyamatayu wayamba kuphunzira ntchitoyi, ndiye anandilembera kuti: "Aphunzitsi, paja munkati chilichonse chili ndi mbiri yake. Kodi ntchito imeneyi makolo athu ankaidziwa? Komanso ndine wongoyamba, ndimaopa kuti tsiku lina chidzandiphulikira kumaso."

Ine sindine mlenje. Mfuti ndinaigwirapo kamodzi kokha, ndipo sindinaombe. Koma m'kabati mwanga muli kachitini momwe ndimasungamo makoko awiri a zipolopolo, ndipo ndakhala ndikuwagwiritsa ntchito pophunzitsa mbiri kwa zaka zambiri. Yankho langa kwa iye lichokera m'kachitini kameneka.

Tiyambe ndi chinthucho, chifukwa ambirife timangoti "chipolopolo" pa chilichonse. Chipolopolo cha mfuti zamakono chili ndi zigawo zinayi. Pali mutu, umene umauluka n'kukapha; kawirikawiri ndi mtovu wokutidwa ndi kopa. Pali onga. Pali kabatani ka kunsi, kamene Azungu amati primer, komwe kamathetheka kakamenyedwa n'kuyatsa ongawo. Ndiye pali khoko, logwirizanitsa zonsezi, lomwe limagwa pansi mfuti ikalira. Khokoli amapanga ndi mkuwa wachikasu, wosakaniza magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki. Anasankha mkuwa umenewu chifukwa cha khalidwe lake. Onga ukapsa, mphamvu ya mpweya m'kati mwa mfuti imaposa ya m'tayala la galimoto kopitirira ka 1,000. Pa kanthawi kameneko khoko limafufuma n'kumata m'mbali monse kuti moto usabwerere kumaso kwa woombayo, kenako limabwerera pang'ono kuti lithe kutuluka. Pakati pa diso la munthu ndi moto umenewo pali kachitsulo kopyapyala kameneka basi.

Khoko loyamba la m'kachitini mwanga linali la agogo anga aamuna, bambo awo a mayi. Anali msilikali wa King's African Rifles ndipo anakafika ku Burma mu 1944. Atabwerera kwawo cha ku Mitundu, khokoli linasanduka mosungira fodya wa m'mphuno, lotseka ndi kamtengo kosema. Ndili mwana ndinkaliona ngati kabotolo wamba. Ndinadzalitembenuza nditayamba kale uphunzitsi, n'kupeza kuti kunsi kwake kuli zolemba: K, kamuvi, F, kenako 43 ndi VII. KF ndi fakitale ya ku Kirkee, pafupi ndi mzinda wa Pune ku India. Kamuviko ndi chizindikiro cha katundu wa boma la Britain. 43 ndi chaka. VII ndi mtundu wa chipolopolo cha .303 chimene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1910. Mchewa wa ku Lilongwe, mfuti ya ku England, chipolopolo cha ku India, mdani wa ku Japan: ufumu wonse wa atsamunda uli pa kachitsulo kosaposa chala. Ndimauza ana a Fomu 3 kuti ichi ndi chikalata, kungoti sanachilembe pa pepala.

Koma mfuti zinafika kuno khoko lisanabadwe, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

M'zaka za m'ma 1800 mfuti zinkalowa m'dera lathu kudzera njira za malonda a minyanga ndi akapolo: kuchokera ku Kilwa ndi Zanzibar ndi Aswahili ndi Ayao, komanso kuchokera ku Quelimane ndi Tete ndi Apwitikizi ndi Achikunda. Jumbe wa ku Nkhotakota, amene anakhazikika kumeneko m'ma 1840, mphamvu yake inali pa mfuti zimenezi. Zambiri zinali zakale zomwe asilikali a ku Ulaya anazisiya, kapena zotchipa zopangira msika wa ku Africa m'mizinda ngati Birmingham. Zinali zothirira kukamwa: onga kaye, kansanza, kenako chipolopolo, n'kutsindira ndi kachitsulo kakatali. Ndi agogo ake a mfuti imene mpaka lero timati gogodera. Inali ndi zofooka zambiri. Kuithira kunkatenga nthawi, mvula ikagwa onga unkanyowa, ndipo patali inkaphonya. N'chifukwa chake Angoni, ndi nthungo ndi zishango zawo, ankatha kugonjetsa anthu a mfuti akakumana pa dambo. Mfuti inkathandiza kwenikweni munthu akakhala m'linga, ndipo Mwase wa ku Kasungu anaima nji pamaso pa Angoni chifukwa anali ndi zonse ziwiri.

Komabe mfuti imeneyi inali ndi ubwino umodzi waukulu: sinkasankha chakudya. Mtovu ukasowa munthu ankaikamo tizitsulo todula, ngakhale timiyala. Ikawonongeka, wosula makasu wa m'mudzi ankatha kuikonza. Mwini wake ankafuna onga ndi choyatsira basi, ndipo mbiya imodzi ya onga inkakhala nthawi. Tinganene kuti mlenje aliyense wa nthawiyo ankadzipangira yekha chipolopolo chake, kamodzikamodzi, m'kamwa mwa mfuti. Pamenepa ndiye poyambira yankho la funso la mwana wanga uja.

Ku Ulaya zinthu zinasintha mofulumira. Mu 1866 asilikali a Britain analandira mfuti ya Snider, yothirira kumbuyo, yokhala ndi chipolopolo cha khoko. Mu 1871 kunabwera Martini-Henry. Msilikali tsopano ankaomba kangapo pa nthawi imene wa gogodera akulimbana ndi kutsindira kamodzi, ndipo ankatha kuthira atagona pansi, mvula ikugwa. Makoko oyambirira a Martini-Henry anali opinda kuchokera ku mkuwa wopyapyala ngati pepala. Ankaphwanyika m'thumba, ndipo mfuti ikatentha ankakanirira m'kati. Madandaulo atachuluka pa nkhondo ya ku Sudan ya 1884 ndi 1885, anayamba kupereka makoko olimba opangidwa ndi chitsulo chimodzi, monga tikuwadziwira lero. Asilikali anaphunzira ndi magazi kuti mfuti yabwino yokhala ndi khoko loipa ndi chibonga chabe.

Mfuti yatsopanoyi inali ndi chingwe chosaoneka chomangirira ku fakitale. Popanda chipolopolo cha muyeso wake weniweni sinali kanthu. Ndipo amene wagwira doko wagwira chingwecho. Taonani nkhondo ya ku Karonga ya 1887 mpaka 1889, pakati pa Mlozi ndi African Lakes Company. Mabuku amakonda kukamba za Monteith Fotheringham ndi Frederick Lugard, amene anavulazidwa poukira linga mu Juni 1888. Chimene sitiphunzitsa mokwanira n'choti mbali zonse ziwiri zinkayang'ana kunyanja ya mchere. A kampani katundu wawo wa nkhondo ankachedwa m'manja mwa Apwitikizi ku Quelimane. Aswahili nawo anapanikizika pamene Britain ndi Germany anatchinga gombe la kum'mawa kwa Africa kumapeto kwa 1888 kuti mfuti ndi onga zisalowe.

Kenako mu Julaye 1890 maiko a ku Ulaya anasaina pangano ku Brussels. Mutu wake unali kuthetsa malonda a akapolo, ndipo sindikunyoza cholinga chimenecho. Amene anawerengapo za misasa ya akapolo ku Nkhotakota sangachinyoze. Koma m'kati mwake munali ndime yoletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa anthu a dera lalikulu la Africa, kuchokera pa madigiri 20 kumpoto mpaka 22 kummwera. Mfuti zakale za mwala ndi onga wamba ndi zimene zinaloledwa. Mwachidule, Mwafirika akhale ndi gogodera, boma likhale ndi khoko. Zotsatira zake mukuzidziwa, ndi zija mumaloweza pokonzekera MSCE. Harry Johnston anabweretsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India mu 1891. Makanjira anapha Captain Cecil Maguire mu Disembala chaka chomwecho, kusonyeza kuti nkhondoyi sinali yophweka, koma mapeto ake anali odziwikiratu. Mlozi anapachikidwa mu Disembala 1895. Mwase Kasungu anagonja kumapeto kwa mwezi womwewo. Gomani woyamba anaphedwa mu 1896.

Kwina mu Africa kunali anthu amene anayesa kudula chingwe chija. Samori Touré, kumadzulo kwa Africa, anali ndi amisiri osula amene ankakonza mfuti zamakono, kupanga zina motengera zomwezo, ndi kuthiranso onga m'makoko otoledwa kunkhondo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene analimbanira ndi Afalansa zaka zambiri mpaka anamugwira mu 1898. Ku Ethiopia, dziko limene linagonjetsa Italy pa Adwa mu 1896, zipolopolo zinali zamtengo mwakuti zinkayenda ngati ndalama pa msika. Kuno kwathu chitseko chinatsekedwa msanga. Mfuti zamakono zinafika pamodzi ndi boma limene linaziletsa, ndipo mmisiri wa m'mudzi anatsala ndi gogodera wake.

Mukamvetsa zimenezi, nkhani ya John Chilembwe imaoneka mwatsopano. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 gulu lina linapita ku Magomero, ndipo za kumeneko ndi zimene aliyense amakumbukira. Koma gulu lina linayenda ulendo wa pansi kuchokera ku Mbombwe kupita ku Blantyre, kukathyola nyumba yosungira zida ku Mandala. Anatulukamo ndi mfuti zochepa kwambiri ndi zipolopolo pang'ono alonda atakuwa. Ine ndimaona kuti kuukirako kunathera pa khomo limenelo, masiku khumi Chilembwe asanaphedwe pa 3 Febuluwale. Ndikudziwa kuti anzanga ena a mbiri amatsutsa, amati mafumu osalowa nawo ndi amene anagwetsa zinthu. Tidzakangana pa tiyi.

Pa nthawi yomweyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itayamba kale kudya anthu athu. Makolo anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera kulira kwa mfuti ya makina kofanana ndi chimanga chothetheka pa chiwaya, ndipo Melvin Page anatenga dzina limeneli kukhala mutu wa buku lake, The Chiwaya War. Mfuti yotere imameza zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi, ndipo kunalibe misewu yopita kumene kunali nkhondo. Mabokosi ake, pamodzi ndi chakudya cha asilikali, ankayenda pa mitu ya atengatenga, amene chiwerengero chawo m'dziko muno chinayandikira 200,000. Mukamadutsa pa chipilala cha chikumbutso cha nkhondo ku Area 18, muziwakumbukiranso amenewa. Agogo anga, a nkhondo yachiwiri, ankasimba kuti pophunzira kuomba, msilikali aliyense ankabweza makoko ofanana ndi zipolopolo zimene analandira, ndipo limodzi likasowa gulu lonse linkakwawa mu udzu mpaka lipezeke. Lawo lija analizembetsa bwanji, sanandiuze. Ankangoseka.

Khoko lachiwiri ndinatola ndekha.

Mu 1993 ndinali Sitandade 7, ndikukhala ndi amalume ku Kawale. Amalumewo ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa galaja ina ku Area 4. Dziko linali litavota pa 14 Juni kuti likufuna zipani zambiri, koma a Payoniya anali adakali ndi zida zawo. Kumayambiriro kwa Disembala a Payoniya anapha asilikali awiri ku Mzuzu. Lachisanu pa 3 Disembala asilikali anatuluka ku Kamuzu Barracks n'kuyamba chimene chinatchedwa Operation Bwezani. Anaukira Youth House, Kamuzu Institute for Youth, ndi likulu la chipani cha MCP ku City Centre. Ife a ku Kawale tinali pafupi ndi Institute, ndiye tinamva zonse. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tigone pansi, ena tinathawa osamva. Anthu akuluakulu ankaimirira m'mbali mwa msewu kukuwira asilikali, pomwe zipolopolo zikulira. Ndikaganiza lero ndimachita mantha amene sindinachite tsikulo.

Patapita masiku angapo ana tinayamba kutola makoko. Ukauzira pakamwa pake limalira ngati wenzulo, ndipo wokhala ndi ambiri anali mfumu pa sukulu. Ine ndinatola asanu ndi limodzi, kuphatikiza limodzi lolemera kuposa anzake, lokhala ndi mutu wake. Loweruka ndinawatengera amalume nsima ku Area 4, n'kukhuthula chuma changa pa tebulo lawo la chitsulo, pafupi ndi pomwe ankawotcherera. Ndinkafuna andiboolere kuti ndipange mkanda. Amalume anazimitsa moto, n'kutola lolemera lija ndi zala ziwiri. Khofi limene ndinalandira ndimalimvabe.

"Iwe, ukufuna kupha anthu muno? Ichi n'chamoyo ichi!"

Anakachipereka kwa asilikali tsiku lomwelo. Pa makoko opanda kanthu aja anandisiyira limodzi, ena anaponya m'chitini cha zidutswa za mkuwa zogulitsa pa sikelo. Mpaka lero ndikamadutsa ku Area 4, n'kuona anyamata akukhuthula matumba a zitsulo zakutha kwa ogula, ndimadzifunsa ngati alipo amene amayang'ana bwino zimene zikupita ku moto.

Kunsi kwa khoko langali kuli zilembo FN, fakitale ya ku Herstal m'dziko la Belgium, ndipo ndi la muyeso wa 7.62. Ukaunika m'kati ndi tochi umaona timabowo tiwiri. Timabowo timeneti tili ndi nkhani yake yoseketsa. M'chaka cha 1866 anthu awiri analembetsa njira ziwiri zoyatsira onga. Edward Boxer, msilikali wa ku Woolwich ku England, anapanga ya bowo limodzi la pakati. Hiram Berdan wa ku America anapanga ina, imene makoko ake ambiri amakhala ndi timabowo tiwiri ta m'mbali. Mapeto ake America inatenga njira ya Mngelezi, pomwe Britain ndi maiko a ku Ulaya anatenga ya Mmereka. Kwa wothiranso zipolopolo kusiyanaku n'kwakukulu. Zipangizo wamba zimachotsa kabatani kakale ndi kasingano kolowa pa bowo la pakati. Khoko la Berdan lilibe bowo limenelo, ndiye wongoyamba amene sanaunike amathyola kasinganoko. Makoko anga onse awiri, la agogo ndi langa, ndi a mtundu wa Berdan. Sanapangidwe kuti munthu wamba adzawathirenso.

Chimodzimodzi makoko ambiri a AK-47, mfuti imene inasefukira kuno kuchokera ku nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ambiri ndi achitsulo chopaka utoto, osati mkuwa, maginito amawakoka. Ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Tsopano ndiyankhe mbali yachiwiri ya funso lija, ya mantha. Mantha amenewo asathe, mwana wanga, chifukwa mbiri ya mkuwa ikugwirizana nawo.

Asilikali a Britain ku India ankadabwa kuti makoko a zipolopolo zatsopano, zosaombedwa n'komwe, ankang'ambika okha m'khosi nyengo ya mvula ikadutsa. Chifukwa chake chinadzafotokozedwa bwino mu 1921. Zipolopolozo ankazisunga m'makola a akavalo, ndipo mpweya wa amoniya wochokera mu mkodzo wa akavalowo unkadya mkuwa pamalo pamene unaumitsidwa popanga. Iwe ukugwira ntchito pa famu. Makoko ako asakhale pafupi ndi khola kapena matumba a feteleza, ndipo usawapukute ndi mankhwala owalitsira mkuwa okhala ndi amoniya, ngakhale amawalitsa bwanji.

Mkuwa umatopa. Ukaupinda n'kuuwongola kangapo umauma n'kuthyoka, monga waya amene ana amapangira magalimoto. Khoko lililonse likaombedwa limafufuma, ukalibwezera muyeso wake limafinyika, ndipo ulendo uliwonse limatalika pang'ono. Mkuwa wotalikitsawo suchokera kumwamba. Umachoka m'mbali mwa khoko, chakunsi, pamene pamanka napyapyala. Chizindikiro chake ndi kamzere kowala kozungulira pamwamba pang'ono pa tsinde, ndipo ukalowetsa kawaya kopinda nsonga umamva kakukodwa m'kati. Khoko lotero ladikira kuduka pawiri, ndipo likaduka moto umatulukira kumbuyo, kumene kuli nkhope. Mfuti za .303 Lee-Enfield, zonga ya agogo, zomwe zikadali zambiri m'manja mwa alenje kumwera kwa Africa, zimadziwika ndi kutalikitsa makoko msanga, chifukwa anazipanga ndi mpata wokwanira kuti zizilira ngakhale m'matope a kunkhondo. Choncho yeza utali wa khoko lililonse ndi kudula lopitirira muyeso, chifukwa lotalika limatsina mutu wa chipolopolo n'kukweza mphamvu ya moto. Long'ambika m'khosi, lobiriwira ndi dzimbiri, kapena limene kabatani kakulowa mosakanirira, liphwanye ndi pulayazi kuti wina asadzalitole. Sunga makoko m'magulu, n'kumalemba m'kope kuti gulu ili laombedwa kangati. Ndipo yamba ndi makoko a zipolopolo zimene unagula wekha n'kuombera mu mfuti yako. Lotola pansi lili ngati galimoto yopanda buku: sudziwa yayenda mtunda wanji. Makoko a asilikali kawirikawiri amakhala ochindikala, malo a onga m'kati ndi ochepa, ndiye muyeso womwewo wa onga umapereka mphamvu yochuluka.

Za onga ndikuuza nkhani ya kumudzi. Kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama kunali bambo wina amene tinkamudziwa ndi dzanja lake la zala ziwiri. Anali mlenje wa gogodera, wodziwa ntchito yake zaka zambiri. Tsiku lina anapeza zipolopolo za asilikali, anazitsegula n'kuthira onga wake mu gogodera, poganiza kuti onga ndi onga. Si choncho. Onga wakuda wa makedzana ndi onga wopanda utsi, umene unayamba m'ma 1880, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wachiwiriwu mphamvu yake mpope wa gogodera sungaipirire. Mpopewo unang'ambika m'dzanja lake. Ngakhale pakati pa onga wamakono pali mitundu yambiri, wina wopsa msanga wina wopsa pang'onopang'ono, ndipo maso sangakuuze. Pa tebulo pakhale chitini chimodzi chokha cha onga, chokhala ndi dzina lake. Muyeso uchokere m'buku la kampani yopanga ongayo, osati kwa mnzako wa pa mowa kapena pa gulu la WhatsApp. Yambira pa muyeso wotsika umene bukulo lanena, yeza pa sikelo, unika m'khoko lililonse usanaike mutu, vala magalasi oteteza maso, ndipo usambe m'manja chifukwa mtovu ndi poizoni. Manambala ine sindikupatsa. Funsa buku ndi munthu amene wachita ntchitoyi zaka zambiri zala zake zili zonse khumi.

Kwa inu amene muli kuno kumudzi, musatenge nkhaniyi ngati chilolezo. Zimene ndalembazi ndi za munthu wa chiphaso m'dziko limene lamulo lake limalola. Kuno, kuyambira ndi lamulo la mfuti la 1967, nkhani ya mfuti ndi zipolopolo ili m'manja mwa apolisi, ndipo kupezeka ndi chipolopolo chamoyo popanda chilolezo ndi mlandu. Gogodera nayenso wapititsa anthu ambiri kundende kuchokera ku Kasungu National Park ndi ku Vwaza. Mwana akatola chinthu chokhala ndi mutu wake, asachimenye ndi mwala, asachiponye pa moto. Akuluakulu adziwitse apolisi. Aphunzitsi anzanga a ku Dedza, Ntcheu ndi Mchinji, kumalire kumene zotsalira za nkhondo zinadutsa, izi muziwauza ana pa asembule.

Chimene chimandichititsa chidwi n'choti ntchito imene mdzukulu wa atengatenga akuphunzira ku Limpopo monga luso la Loweruka masana, ndi yomweyo imene maiko a ku Ulaya anakhalira pansi ku Brussels kuti makolo ake asaifike pafupi. Ndinamulembera zimenezi. Wandiyankha dzulo kuti za Brussels adzawerenga akapeza mpata, koma anakhala pansi ndi tochi ndi kawaya, ndipo pa makoko 40 amene anali nawo wataya 7. Atatu anali a timabowo tiwiri, amene mnzake anamutolera ku malo ophunzirira kuomba.

Lolemba ndili ndi Fomu 3 pa mutu wa Chilembwe, ndipo kachitini kapita nawo. Amene akufuna kubwereka andiuze msanga, koma la agogo silituluka m'manja mwanga. Mukalinunkhiza likadamveka fodya.